Chigamba pa Gemu ya Mwana wa Abwana

Kanali kakuda, ka makona anayi, kopyapyala ngati bisiketi, ndipo kumutu kwake kunali kachitseko kachitsulo. Ukakankha ndi chala kankatseguka, ukasiya kankabwerera kokha, kwe! Ankakatcha disiki. Ana a lero sakadziwa. Ndikamawauza, mdzukulu ali kumbuyo kwangaku, amangoseka, ati agogo mwayambatu. Sekani, ana inu, sekani! Koma kanthu kameneko kanatsala pang'ono kutisamutsa pa esiteti, fodya wathu ali lende m'chigafa.

Tinali matenanti chakwa Kaomba, ife a ku Phalombe, ine ndi amayi ndi kamwana ka kubere. Anatiitana ndi amalume, amene anali kalaliki wa abwana, eni esiteti. Munda tinapeza chifukwa cha iwo, chimanga cha phoso tinkalandira chifukwa cha iwo. Amalume akatuluka mu ofesi nkhope ili gwa, amayi tsiku limenelo sankaimba.

Mu ofesimo munali kompyuta yoyera, yamsana ngati chulu, yoyaka pokhapokha jenereta italira. Ndipo mu kompyutamo munali gemu. Anaiikamo ndi wachibale wa abwana wochokera kunja, kuti mwana wa abwana azitayirapo nthawi, poti mnyamatayo anali wodwaladwala, magazi ankamuthera, sukulu anasiya. Gemuyo inali yakalekale ngakhale masiku amenewo: kamunthu kakang'ono ngati nyemba, kakuyenda m'midzi, kakuwoloka milatho, kakulowa m'nyumba za eni, eniwo n'kumakalankhula. Koma kalankhulidwe kake, mayo ine! Zilembo za ku Japani, ngati nkhuku yapalasa pamchenga. Panalibe wozimva, ngakhale abwana ndi masukulu awo onse.

Ine chinandilowetsa mmenemo ndi pakamwa. Ndinkadutsa pawindo nditasenza mtolo wa masamba, n'kumamva kanyimbo ka gemuyo, tiriri tiriri, ndiye ndinakaikira mawu angaanga, n'kumaimba mokweza. Tsiku lina ndinangomva mnyamatayo akuti, "Iwe wa pakamwawe, talowa!" Basi, chinzake chinayambira pomwepo. Ndikaweruka kumunda ndinkatsuka manja ndi mchenga, poti phula la fodya silimva madzi okha, n'kukakhala pambali pake. Iye ankayendetsa kamunthu, ine ndinkaimba. Anthu a mu gemu akalankhula, iye ankawapangira mawu, ena a nkhalamba, ena a mfiti, mpaka kutsokomola ndi kuseka. Zala zikamutopa ankandikankhira mabatani. Kulemba ndimakwawa mpaka lero, koma njira za mmenemo, ee, ndinkazidziwa ngati njira ya kuchitsime.

Mnzangayo anamwalira mvula yoyamba itagwa, ife tikuokera fodya. Gemu sinatsegulidwenso.

Nyengo yothyola itakwana, aphunzitsi a pasukulu yathu anabwerako ku maphunziro ku Lilongwe, ndipo ndiwo anabwera nako kadisiki. Anauza amalume kuti kuli anthu kutali kutsidya kwa nyanja, okonda magemu akale, amene anakhala pansi popanda wowalemba ntchito n'kutembenuza mawu onse a gemu imeneyo kuti akhale Chingerezi. Ntchito yawoyo, ati, ndi kanthu kakang'ono kongomata pa gemu, monga chigamba pa kabudula. Amalume nawo pakamwa ndi pamtundu. Kusanache n'komwe, nkhani inali itafika kwa abwana. Abwana anangoti, "Bweretsani." Ankafuna kumva zimene mwana wawo ankamvetsera miyezi yonse ija.

Aphunzitsi anachenjeza, ndipo mawu awo ndimawasunga mpaka lero: "Chigamba ichi chikalowa sichichoka. Yambani mwakopera gemuyo, mumate pa kope. Chikapanda kugwirizana ndi gemu yanu, zonse zimasanduka phala."

Abwana anakana. "Ndikafuna chithunzi ndipita kwa wojambula. Ndikufuna yomweyi, imene anagwira ndi manja ake, ndiyo ilankhule. Za malemu zisakhale ziwiri." Kenako anatembenukira kwa amalume n'kuwonjezera, osakweza mawu, "Mukaiwononga, musadikire kuti ndikuuzeni. Inu ndi anthu anu."

Kukopera mobisa kunali kosatheka. Kiyi wa ofesi ankakhala m'thumba mwa abwana, ndipo ananeneratu kuti adzaima pomwepo. Kubweza mawu kunali kosathekanso. Amalume anayesa, abwana anangowayang'ana.

Inu amene simunakhalepo tenanti, mvetserani. Tenanti akathamangitsidwa fodya asanapite ku okushoni, amachoka ndi mphasa yake basi. Kutunga madzi a nazale m'dzuwa la Okutobala, kuokera, kupalira, kusoka masamba mpaka zala kung'ambika, zonsezo zimatsala m'chigafa cha eni. Masiku amenewo tinkasoka fodya tili duu. Singano yokha, tswi, tswi. Fungo la masamba ofota linkatizunguza mutu, mvula ikudontha m'mphepete mwa udzu, ndipo amayi ankangoyang'ana mikangala yodzaza fodya pamwamba pathu ngati akuitsanzika. Kamodzi kokha anatsegula pakamwa: "Achimwene, pakamwa panupo patidyetsa chiyani chaka chino?" Madzulo ake ndinapeza mapoto athu atamangidwa kale m'chitenje, atabisidwa kuseri kwa mphasa.

Lero ndikakumbuka ndimati amalume sanali munthu woipa. Ankangofuna kuti abwana awaone ngati munthu wodziwa zinthu, osati wongolemba mabelo. Ndani safuna? Koma nthawi imeneyo ndinkawada, ndinkawadadi, mpaka madzi osamba ndinkawapatsa ozizira.

Tsikulo linali Loweruka masana. Mitambo inali bii kuchokera mbali ya ku Zambia, ndipo jenereta yathu inali ndi khalidwe lake: ikamva chinyezi inkatsokomola. Aphunzitsi anali atanena kuti magetsi akazima chigamba chili pakati polowa, ndiye kwatha. Anandiitana ine, chifukwa panalibe wina wodziwa njira za mu gemu. Amayi anaima panja pawindo, mwana kumbuyo.

Amalume analowetsa kadisiki. Krr, krr, kompyuta ikutafuna. Abwana anaima kumbuyo kwawo manja ali m'thumba. Amalume analoza dzina la gemu, analoza dzina la chigamba. Kunatuluka funso pagalasi. Anatembenuka kuyang'ana abwana, abwana sanaphethire. Amalume anadina.

Nthawi yomweyo jenereta inati khu, khu! Babu la padenga linafiira ngati khala. Ndinamva amayi panja akuti, "Yesu wanga!" Ine ndinaluma chala, chowawa ndi fodya, osamva kuwawako. Kenako jenereta inabwezera mpweya, babu linayera, ndipo pagalasi panalembedwa kuti zatheka. Ntchito yonse imene inatisowetsa tulo ija inali yaifupi kuposa kumwa madzi.

Koma zinali zisanathe. Amalume anatsegula gemu, galasi linangoti bii. Bii, bii, bii. Thukuta linkatsika m'khosi mwawo kulowa mu kolala. Ndiye kuchokera mu mdimamo, pang'onopang'ono, tiriri tiriri! Kanyimbo kathu! Zilembo zinatuluka, Chingerezi chokhachokha. Ndinaseka ine, ndinasekadi, poti kwa ine zinali nkhuku zomwe zija, kungoti izi zinapitako kusukulu.

Abwana sanaseke. "Katengere kamunthuko kumene iye ankakonda kupita."

Ndinakhala pampando. Kamunthu kanali pomwe mnzanga anakasiya, pafupi ndi mlatho. Ndinakawolotsa, kudutsa pachitsime, kukalowa m'kanyumba ka denga lofiira. Mmenemo munali bambo wina woima patebulo, atatifulatira. Mnzanga ankayamba walowa mmenemo nthawi zonse, asanapite kwina kulikonse. Ndinadina batani lolankhulitsa. Mawu anatuluka, mizere iwiri yokha.

Amalume anaweramira pagalasi kuwerenga. Zimene zinalembedwa anandiuza ndi iwo patapita zaka: "Ndatanganidwa. Choka, kasewere panja."

"Mwalemba ndinu izi?" Mawu a abwana anali apansipansi. "Mwagwirizana ndi aphunzitsi anuwo kuti mundinyoze m'nyumba mwanga?"

Amalume anatsika pampando n'kugwada pasimenti. "Ayi bwana, ayi. Ndi anthu akutali, sakudziwani, satidziwa. Angotembenuza zimene zinalimo kale."

"Zinalimo kale," anabwereza abwana. Anasuzumira pakhomo n'kufuula kuti kapitawo abwere msanga. Pa esiteti aliyense ankadziwa ntchito imene kapitawo amaitaniridwa mwa mtundu umenewo. Pawindo amayi anali atachokapo. Ndinadziwa kuti akukatenga mapoto.

Ndiye abwana anatembenukira kwa ine. Chibwerere pa esiteti anali asanandilankhulepo. "Iwe. Iyeyo ankati munthu uyu akuti chiyani?"

Ine mwana, sindinaganize kawiri. Ndinatupitsa masaya monga ankachitira mnzanga, n'kutulutsa mawu aakulu a chibambo, mwanyimbo monga tinkachitira: "Wabwera, mwana wanga? Khala apa, ntchito ndamaliza!" Ndinawonjezera, "Ankati amenewa ndi adadi."

Mvula inayamba kugwa pamalata, wa-a-a. Kanyimbo ka gemu kankangozungulira kokha.

"Bwereza."

Ndinabwereza, ndipo ulendo uno ndinakometsera bwino, poti ndinaona kuti ndapeza wondimvetsera.

Kapitawo anafika pakhomo akupuma wefuwefu, chipewa m'manja. Abwana sanamuyang'ane. Anangokweza dzanja kumubweza. Kenako anati kwa amalume, "Dzukani. Musazimitse. Pitani mukasoke fodya."

Ee, fodya wathu tinasoka, tinasankha, tinadinda, anapita ku okushoni, ndipo chaka chimenecho ndinavala nsapato yanga yoyamba! Koma izo ndi za pambuyo. Masana amenewo ndinathamangira mumvula, matope akuthothokera m'miyendo, ndikuvina, ndikuimba kanyimbo ka gemu ndi mawu atsopano: sitichoka, sitichoka, tiriri, sitichoka! Ndinakumana ndi amayi panjira atasenza chitenje cha mapoto. Atamva anakhala pansi m'matope momwemo. Koma nditayambiranso kuimba anandikoka n'kunditseka pakamwa ndi dzanja lawo lowawa, maso awo ali ku ofesi.

Chitseko chinali chotsegula. Abwana anali atakhala pampando wa mwana wawo, atatifulatira, akudina batani limodzi lomwe lija, mawu akutuluka, akudinanso, akutulukanso. Ndinadabwa ine. Munthu wapeza chimene ankafuna, gemu yalankhula, nanga bwanji sakutuluka m'kanyumbako kuti akaone midzi ina? Ndinaganiza kuti sadziwa batani lotulukira, ndipo ndinalimbana ndi dzanja la amayi kuti ndibwerere ndikawasonyeze.