Kadontho ka amayi anga

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 5, ndikukhala kwa mayi aakulu ku Milepa, amayi ondibereka atamwalira. Ndinali ndi kadontho kakuda pambali pa mphuno, kotukuka ngati njere ya mapira. Amayi analinso nako, pamalo omwewo. Sanasiye chithunzi ngakhale chimodzi, choncho ndikawasowa ndinkangotenga kagalasi n'kudziyang'ana.

Kenako mwana wa mayi aakuluwo, achemwali Esinati, anapeza banja, ndipo ine anandisankha kunyamula maluwa pa ukwati wawo. Ee, chimwemwe chake! Diresi loyera lija ndinaliyeza katatu konse.

Kutatsala milungu iwiri, mayi aakulu anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kudzuwa.

"Kanthu aka katiwonongera zithunzi. Akuchimuna ndi a m'tauni, aziti taika mwana wanjerewere kutsogolo."

"Si njerewere, mayi. Amayi analinso nako."

"Iwe, usandiuze za mng'ono wanga. Khala pansi!"

Anakamanga ndi ulusi, monga timachitira ndi njerewere, kuti kafote kagwe kokha. Panapita masiku atatu, osagwa. Mtima utawapsa, anatenga soda wopangira sopo n'kupakapo ndi kamtengo ka machesi. Mayo ine! Ululu wake unafika mpaka m'mano. Achemwali Esinati ndiwo anandigwira manja, akuti ndisalire ngati mbuzi.

Tsaya linatupa, bala linachita mafinya. Kuchipatala adokotala anakalipa, koma kukalipako kunandibwezera chiyani? Tsiku la ukwati maluwa ananyamula mwana wa aneba, atavala diresi langa. Ine anandiika kuseri kwa nyumba kutsuka mbale, kuti alendo asandione.

Bambo ankagwira ntchito ya ulonda ku Limbe, ndipo ankabwera mwezi ukatha. Moni wawo kwa ine unali kukhudza kadonthoko ndi chala. Ulendo umenewo anakweza chala, n'kuchibweza. Anayang'ana mayi aakulu nati, "Alamu, mkazi wanga mwamuikanso m'manda kachiwiri." Anatuluka osadya.

Banja la achemwali Esinati silinathe zaka ziwiri, ndipo zithunzi zija anazitentha okha. Chipsera changa chilipobe. Abale amati ndikhululuke, mayi aakulu anachita mosadziwa. Bodza limenelo! Kadonthoko ankakadziwa, anakula akukaona pankhope ya mng'ono wawo. Chimene ndinatolapo n'chakuti munthu akati akufuna kukukonza, uyambe wafunsa kuti akukukonzera ndani.

Nkhope ya amayi ndinaiiwala, ndipo zimandiwawa mpaka lero. Ndikatenga galasi, amene ndimawaona ndi mayi aakulu, kamtengo ka machesi kali m'manja.