Dzanja la Abusa

Lamlungu lina kutchalitchi kwathu ku Chawama, abusa anakweza dzanja kuti andipempherere. Ine, mayi wa ana atatu, ndinadzigwetsa pansi n'kuphimba mutu ndi manja. Mpingo unakuwa kuti chiwanda chadziulula, anthu n'kundizungulira kuti achitulutse.

Panalibe chiwanda. Ndinakulira kwa azakhali kukomboni ya George, kumene dzanja likakwera, chotsatira chinali mbama basi. Namwino wina anandiuzapo kuti ubongo wa mwana womenyedwa umakula uli tcheru, moti thupi limathawa mwini wake asanaganize.

Koma ndikanaziyamba bwanji zimenezo, azakhaliwo ali pabenchi yakutsogolo, akuwomba m'manja? Ndinadzuka, ndinasasa fumbi pachitenje, n'kunena kuti, "Chachoka, abusa."

Sabata yotsatira anandiimika kutsogolo, ndipo ndinachitira umboni.