Masipuni a Ba Febby Padenga

Ba Amock Sakala anafika mu Lusaka kuchokera ku Katete ali ndi buluku limodzi ndi nzeru za anthu asanu, ndipo zonse ziwiri zinkawathina. Ankadula malata pafakitale ina ku Heavy Industrial Area. Zaka zija makandulo anasowa m'mashopu, Chipani n'kumalalikira pawailesi kuti tizidzidalira, munthu amene anamvera mu Chilenje monse anali iwo okha. Anadula mapiko atatu a lata, n'kuwamangirira pa dainamo ya lole yakufa, n'kukweza chinthu chonsecho padenga kuti mphepo iziyatsa babu.

Babu linayakadi. Koma mphepo ya Ogasiti itafika, mapiko anayamba kuphupha ngati nkhuku yodulidwa mutu, nyumba yonse n'kugwidwa malungo. Mpando unkayenda wokha kukalandira mlendo pakhomo. Bambo mfumu atabwera kudzacheza, anadalitsa banjalo mano akugundana. Zoopsa zinali m'kabati: makapu a ukwati a akazi awo, Ba Febby, ankayenda pamzere kukadziponya pansi, mpaka inatsala imodzi.

"Atate a Lena," anatero Ba Febby, "iyi kapu ikapwanyika, nikwela basi ya ku Katete. Muzakwatila chimphepo chanu."

"Mami, ni sayansi."

"Sayansi izakuphikilani."

Ba Amock anakwera padenga ndi nkhope ya munthu wopita kumaliro. Analimbitsa mapiko ndi mawaya a njinga, kuphupha kunachepa, koma nyumba inkanjenjemerabe. Mphepo itapuma anaona kuti phiko limodzi lomwelomwelo ndilo limatsikira pansi nthawi zonse. Linali lolemera kuposa anzake. Pa phiko lina lopepuka anamangirira loko wa chimbudzi. Loko uja anauluka. Ena amati anagwera ku Woodlands, koma Ba Amock ankalimbikira kuti ku Kabulonga, pakapinga pa nduna.

Panafunika kanthu kopepuka, koti azionjezera pang'onopang'ono. Ba Febby ali pamzere wa sopo, mwamunayo anatsegula kabati, n'kuona kapu ija itafika kale m'mphepete, ikusuzumira pansi. Pambali pake panali masipuni a tiyi, a ukwati omwewo. Anapempha Mulungu chikhululukiro, n'kutola onse, n'kukawamangirira pamapiko opepuka aja.

Mphepo itabweranso, mapiko anazungulira mwaulemu ngati madikoni otolera chopereka. Kapu sinasunthe. Ba Febby anaima pabwalo, sopo ali m'manja, akuyang'ana ukwati wawo ukunyezimira mumlengalenga. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka analowa m'nyumba n'kutsitsa pabedi sutikesi imene anali atalongedza kale.

Ku Katete sanapite. Anakhala limodzi mpaka imvi, ndipo m'mawa uliwonse Ba Amock ankalandira tiyi wawo m'kapu yomweyo, shuga ali phee pansi pake. Akangoyang'ana uku ndi uku, Ba Febby ankaloza kudenga.

"Masipuni yali kumwamba, ba injiniya. Kwelani mukatakase."