Dzanja Lochedwa la Amuna Anga

Amuna anga anali woimba ng'oma m'gulu la azibambo anayi. Anayamba tili ku Malawi kothawa nkhondo, ndi magitala a zigubu ndi mawaya a mabuleki, akutengera nyimbo za roko zimene ankamva pa wailesi. Titabwerera kwathu ku Chidzolomondo sanasiye. Ukwati uliwonse, festa iliyonse, oimba anali iwo. Koma nyimbo yawo sinajambulidwepo ngakhale imodzi, ndipo zimenezi zinkawadya mumtima amuna angawo. Ankafuna kumenya kwawo kudzatsale iwo akadzapita.

Dzanja lawo lamanzere linathyoka atagwa pa chigafa cha fodya, n'kupola mokhota. Ndiye limachedwa pang'ono. Lamanja likamenya, linzakelo limafika pambuyo. Ifenso povina tinazolowera kukoka phazi pamenepo, mudzi wonse, ndi ana omwe.

Chaka chatha kunabwera mwana wa mlongo wawo wokhala ku Tete, bambo wandevu zake koma thalauzi ili m'matako, komputadori m'chikwama. Akuti amapanga dabustepe. Ine ndinamufunsa ngati ndi mankhwala opopera mbatata. Anati ndi mtundu wa nyimbo, ndipo ajambula nyimbo imodzi ndi gulu la amalume ake, dziko lonse limve. Azibambo aja, ndi imvi zawozo, anasamba n'kuvala majekete kuti akaimbire kabokosi. Ine ndinapha tambala wanga, ndipo mpaka lero ndimamulira tambala ameneyo.

Anaimba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Dzanja lija linatupa, ndinachita kulithowa ndi madzi otentha.

Patatha miyezi iwiri mphwawo uja anabweranso pa mota, njinga yake yamoto, atamangirira chimkuzamawu kumbuyo. Anthu anadzaza pabwalo pathu masana. Nyimbo inayamba bwino, magitala tinawazindikira, amayi tinamanga zitenje m'chiuno. Kenako zii. Kenako, mayo ine, chinthu chinayamba kubuula ngati chigayo chameza mwala. Agalu anathawa. Mwini wake maso atatseka, akugwedeza mutu, ati pamenepo ndiye pokoma penipeni. Asa! Nyimbo imeneyo?

Koma phokosolo ndikanalikhululukira. Chimene chinandipweteka ndi pamene ng'oma zinamveka. Tinadzuka kuti tivine, phazi likukoka monga mwa masiku onse, koma ng'oma yadutsa kale. Tinkapondana ngati anthu oti sitinavinepo. Mmodzimmodzi tinabwerera pamphasa.

Mphwawoyo osaona n'komwe. Anafotokoza monyadira kuti amalume ankachedwa paliponse, ndiye anakhala sabata yathunthu akuwongola kumenya kulikonse pa komputadori, mpaka zonse zinalowa mumzere. Amadikira kuti timuombere m'manja, chitsiru chophunzira. Mawu anandifika pakhosi, koma ndi mwana wa alamu, ndinangotsonya.

Amuna anga anapempha kuti aibwereze. Anamvetsera atawerama, dzanja lokhota lili pabondo likugunda pang'onopang'ono, likutsalira m'mbuyo mwa nyimboyo. Itatha anadzutsa mutu.

"Wagwira ntchito, mphwanga," anatero. "Koma amene akuimba ng'omayo ine sindikumudziwa."

Mphwawoyo anaseka, n'kunena kuti zojambula zoyamba zija anafufuta, zinkadzaza malo. Analonjeza kudzajambulanso akapeza mpata. Woimba gitala wamkulu anamwalira mvula isanagwe, gulu n'kuthera pomwepo. Chotsala ndi chibuulo chija. Ndimachimva m'matelefoni a achinyamata pamsika wa ku Furancungo, ndipo akandiona amandiuza kuti agogo ankamenya ng'oma mosaphonya.