Galimoto ya Achimwene Yosayenda Pamsewu

Achimwene anga atapuma pantchito ya uinjiniya kuno ku Glasgow, tonse tinkaganiza kuti akamanga nyumba kwathu ku Zomba monga anachitira anzawo. Koma Loweruka lina anandiimbira foni n'kunena kuti, "Achemwali, tabwerani ku Springburn mudzaone chimene ndagula." Ine ndine chitsiriza m'banja mwathu, ndipo ndi iwowo anandilera bambo atamwalira. Akandiitana sindifunsa kawiri.

Ndinawapeza m'galaja yakale ya njerwa, kufupi ndi kumene ankapangira mitu ya sitima kalelo. Anavundukula chinsalu, ine n'kungoti kakasi. Inali galimoto yaifupi yondilekeza m'chiuno, yobiriwira, yokhala ndi chiphiko chachikulu kumbuyo, kumaso kwake kuli zipserazipsera za timiyala. Anandifotokozera kuti inkathamanga mipikisano ya tsiku lathunthu osapuma, madalaivala atatu akusinthana, ndipo itakalamba eni ake anaigulitsa.

"Ndiye mawa tikwera imeneyi popita ku tchalitchi?" ndinafunsa.

"Iyi siyenda pamsewu, achemwali."

"Mwagula galimoto yosayenda pamsewu? Alamu akudziwa?"

"Ndiwo anandiperekeza kokaitenga," anayankha akuseka.

Inalidi yosayenera msewu. Nambala inalibe, hutala inalibe, mpando unali umodzi wokha. Kunsi kwake sikukanalowa ngakhale chibakera changa, moti hampu yoyamba yomwe ikanaing'amba mimba. Ndinafunafuna polowetsa kiyi osapapeza. Kuti ilire, ankayamba atenthetsa madzi ndi oyilo ndi makina a magetsi kwa maola awiri, kenako n'kulumikiza kalaputopu kakale kamene anagulira limodzi ndi galimotoyo, chifukwa makompyuta amakono sankagwirizana nayo. Pamafunikanso anthu awiri, wina mkati, wina kunja atagwira chingwe cha batire. Wakunjayo ndinakhala ine.

Tsiku loyamba kuiliza ndinamva phokosolo m'mano mwenimweni. Nkhunda zonse za padenga zinabalalika. Pasanathe mphindi zitatu anatulukira mayi wina wachiskoti wa m'mafulati oyandikana nafe, atavala masilipasi, akukalipa kuti amuna awo amagwira ntchito usiku ndipo tawadzutsa. Achimwene anazimitsa injini, anavula chipewa, n'kupepesa mwaulemu. Anagwirizana kuti aziiliza Loweruka lokha, masana, kwa mphindi khumi. Pambuyo pake amuna a mayiyo ndi amene ankabwera kudzaonerera, kapu ya tiyi ili m'manja.

Vuto lina linali mpando. Unaumbidwa motengera thupi la dalaivala wina wochepa thupi, pomwe achimwene anali ndi mimba yawo ya ulemu. Atayesa kulowa anakanirira pakati, ndipo ndinachita kuwakoka m'khwapa. Alamu anga anali atalankhula za matenda a shuga kwa zaka zambiri osamveka, koma mlungu womwewo achimwene anayamba kuyenda wapansi m'mawa uliwonse kuzungulira dera lawo la Pollokshields, kaya kugwe mvula kaya chisanu. Anasiya shuga m'tiyi. Patatha miyezi isanu anakwana, ngakhale kuti polowa ankayamba achotsa chiwongolero, n'kutsogoza miyendo, n'kupuma kaye.

Chaka choyamba chinatha galimotoyo ili pamajeki. Kapampu kena ka m'magiya kanathyoka, ndipo fakitale yake inatsekedwa kalekale. Anachita kupeza mkulu wina ku Mangalande amene anakasula pamanja, tinadikira miyezi inayi. Matayala ake osalala aja ankauma akakhalitsa. Injini yake moyo wake ankauwerenga m'maola, ndipo akakwana imayenera kuphwasulidwa yonse, choncho kungoiliza kokha kunali kuidya. Kutchalitchi anthu anayamba kunong'ona. Mayi wina wa chigwirizano anauza alamu kuti abambo akanagula minibasi ikanathandiza mpingo. Alamu anayankha mosakweza mawu kuti, "Mayi, abambowa aphunzitsa abale awo asanu ndi mmodzi. Asiyeni nawonso asewere." Nkhani inathera pomwepo.

Kuti ithamange timayenera kupita nayo ku bwalo la mpikisano kunja kwa mzinda, pa masiku amene amalola anthu wamba. Ine ndinaphunzira kuyendetsa vani yokoka thirela, ndipo kubwerera nayo chammbuyo kunanditengera masabata. Ulendo woyamba tinafika m'mawa, tinaitsitsa, tinatenthetsa oyilo maola ake awiri aja. Kenako kunabwera wogwira ntchito pabwalopo ndi kachipangizo koyezera phokoso. Anayang'ana kachipangizo kake n'kupukusa mutu. Galimoto yathu inali yaphokoso kuposa mlingo wololedwa. Tinaikwezanso pathirela isanayende ngakhale phazi limodzi. Pobwerera, titalowa mu Glasgow, achimwene anangoti, "Pepani achemwali, ndakutayitsani tsiku." Ndinawamvera chisoni kwambiri.

Anaika chochepetsa phokoso ku ekizozi, ndipo tinabwereranso chilimwe chotsatira, alamu ali nafe. M'mawa wonse kunagwa mvula, ndipo matayala osalala safuna madzi. Tinakhala m'vani tikudya masangweji. Cha m'ma wani koloko dzuwa linatuluka, msewu n'kuuma. Achimwene tinawamanga malamba asanu ndi limodzi, tinawaveka chisoti, ine n'kuchotsa chingwe cha batire. Galimoto inazima kawiri asanachoke pamalo. Kachitatu inanyamuka.

Kunena zoona, sanathamange. Anyamata a magalimoto wamba, onga amene timapitira kokagula zinthu, ankawadutsa pamakona. Ena ankachepetsa dala liwiro kuti ayende pambali pawo aione bwino. Alamu anandigwira dzanja nthawi yonseyo, akupemphera chapansipansi. Achimwene atazungulira kasanu ndi katatu anabwerera. Mkatimo munali motentha ngati mu uvuni, ndipo tinawatulutsa atanyowa thukuta. Anakhala pansi pa simenti atatsamira tayala.

"Muli bwanji, achimwene?" ndinafunsa.

Anapukuta thukuta kumaso. Kenako anati, "Ndili fomu wani ndinagula zitumbuwa, anandikulungira papepala la magazini. Panali chithunzi cha galimoto yotere. Pepala lija ndinalisunga mpaka linafufutika ndi mafuta. Ndi limene linandichititsa uinjiniya."

Zaka zonse zimene ndinakhala pakhomo pawo, nkhani imeneyi anali asanandiuzepo. Alamu nawonso anali kuimva koyamba.

Anakhala nayo zaka zinayi, ndipo m'zaka zimenezo inayenda masiku asanu ndi awiri okha. Masiku ena onse anali opukuta, omasula ndi omanga, koma sindinawaonepo akudandaula. Chimene chinawagonjetsa ndi bondo. Atawachita opaleshoni, mwendo sunkapindikanso mokwanira kuti alowe. Anayesa kamodzi ine ndilipo, anakhala pakhomo pa galimotoyo mwendo umodzi uli mkati, kenako anautulutsa pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Basi, yafika poti ipite kwa ena."

Anaigulitsa kwa bambo wina amene ali ndi amakaniko ake atatu ndiponso lole yoinyamulira, monga mmene galimoto yotere imafunira. Mwana wamkazi wa bamboyo ndiye amaiyendetsa, ndipo ndi katswiri. Chaka chatha anatiitana kuti tikaonerere. Achimwene anaima pampanda ndi ndodo yawo, galimoto ija inadutsa ngati mphezi, mawu ake ali okwera, osiyana ndi amene ndinkawadziwa. Ananditembenukira maso ali gwa, akumwetulira.

"Mwaimva, achemwali? Imeneyo ndi giya sikisi. Ine sindinaifikepo."

Tinakhala pampandapo mpaka mtsikanayo atamaliza, kenako achimwene anapita kukamugwira chanza.