Mwendo Umodzi ndi Magemu Awiri

Munali mu 2023, ndili ndi zaka 74, pamene anandidula mwendo wakumanzere chifukwa cha shuga. Moyo wanga wonse ndinali wapamsewu. Ndinkanyamula usipa wouma panjinga kuchoka ku Nkope, kukwera mapiri mpaka ku Namwera, n'kubwerako ndi chimanga. Sindinapemphepo munthu kuti andikankhire njinga.

Nditatuluka m'chipatala, mwana wanga wamkazi ananditengera kunyumba kwake m'tauni ya Mangochi. Ndodo ziwiri zimene anandipatsa ndinaziponya kuseri kwa chitseko. Ndinalumbira kuti anthu amene anandiona ndikukwera mapiri sadzandiona ndikudumpha ngati chule. Ngakhale kumzikiti Lachisanu ndinasiya kupita. Ndinatsimikiza zofera m'nyumba.

Nyumbayo ndi yaing'ono, choncho matiresi anga anali pabalaza, moyang'anana ndi tivi. Apa panali vuto. Kwathu mkamwini sakhala pamkeka umodzi ndi apongozi ake, ndipo wangayu, wokonza mafoni kumsika, mwambowu ankausunga. Tinkangopatsana salamu basi. Koma anali ndi makina a magemu amene anabwera nawo kuchokera ku Joni, ndipo ankawakonda. Anapirira kwa kanthawi. Kenako tsiku lina masana anagwada pakhomo.

"Ababa, ndingayatseko pang'ono? Mawu ndizimitsa."

"Nyumba ndi yanu, akamwini. Yatsani zidole zanuzo."

Magemu anali nawo awiri a mtundu umodzi, oti munthu wa mu tivi umamuyendetsa kulikonse kumene wafuna. Ina inali ya mzinda waukulu, magalimoto onyezimira, anthu piringupiringu. Inayo inali ya tchire: udzu, mitsinje, mapiri, ndi timidzi totalikirana. Ndinkaonera ndi diso limodzi, ngati ndili mtulo.

Tsiku lina ndinafunsa kuti yabwino ndi iti. Iye anatsegula foni n'kundimasulira zimene analemba anthu akunja, amene ntchito yawo ndi kuyesa magemu. Ya mzindayo anaitamanda onse. Akuti nkhani yake ndi yokoma, ndipo paliponse pali chochita. Ya tchireyo anainyoza. Akuti ndi yopanda kanthu, munthu amangoyenda osakumana ndi wina, komanso opanga sanaimalize bwino.

"Nanga yonyozekayo munaiguliranji?"

"Anangondiwonjezera, Ababa. Palibe ankaifuna."

Mawa lake anaika chogwirira choseweretsera magemuwo m'mphepete mwa matiresi anga, monga aikira mbale ya chakudya, iye n'kubwerera pakhomo. Ndinachitola. Zala zanga zinavutika, koma zinazolowera.

Ndinayamba ndi yotamandidwayo. Kukongola ndi yokongoladi, sindikana. Koma kamuvi kankandilozera kopita, ndipo ndikapatuka wina ankandiitana kuti ndibwerere. Ndinaisiya. Sindinalembedwepo ntchito ndi munthu, ndiyambe lero kutumidwa ndi tivi?

Ya tchire ija inandisiya ndekha. Ukaona phiri patali, umanyamuka, ndipo umafika. Zolakwika zinalimo. Nthawi zina miyendo ya munthu wanga inkalowa m'mwala, ndipo mbuzi ina ndinaipeza itaima m'malere. Olemba aja sananame. Kungoti iwo ali ndi miyendo iwiri, ndipo amafulumira. Kuyenda chabe sakuona ngati kanthu.

Tinayamba kukangana.

"Ababa, dziko lonse lati ya mzinda ndiyo yapamwamba!"

"Dziko lonse lija linakwerapo Namwera ndi dengu la usipa?"

"Koma mbuzi youluka, Ababa?"

"Mbuziyo yakulakwirani chiyani? Taonani mtsinje uwo, ndiwolokere pati?"

Poloza powolokera anapezeka atakhala pamatiresi anga, phewa ndi phewa. Mwana wanga anatulukira kuchokera kukhitchini ndi chipande m'manja.

"Ha! Apongozi ndi mkamwini mkeka umodzi, kulimbirana zidole? Amayi akanakhalapo akanakomoka."

Palibe anasuntha.

Mugemumo munali phiri lalitali kuposa onse, ndipo ndinalikwera pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Lachisanu lina m'mawa, nditatsala pang'ono kufika pamwamba, magetsi anazima. Ndinakhala ndi chogwirira m'manja, thupi lonse likufunabe kupita patsogolo. Ngakhale chitsa cha mwendo chinkanyerenyesa. Akamwini anatuluka kuchipinda atavala mkanjo ndi mzuli.

"Magetsi awa abwera madzulo, Ababa. Koma njira ya kumzikiti siyendera magetsi."

Ndinawayang'ana kwa nthawi. Sanaweramitse mutu.

"Tengani ndodo zija. Koma musandigwire."

Sanandigwire. Anayenda pambuyo panga. Nditagwa pafupi ndi mjigo anaima n'kuyang'ana kumbali, mpaka ndinadzuka ndekha. Pa ichi ndimawathokoza kuposa china chilichonse. Kumzikiti palibe anaseka. Anangosunthira uko kundipatsa malo.

Magetsi atabwera madzulo anabwera ndi mphamvu, makina aja n'kupsa. Akamwini anayesa kuwakonza, analephera. Tsopano ndimayenda ndekha mpaka kumsika, n'kukakhala pabenchi ya pashopu yawo. Timakanganabe. Iwo akuti ya mzinda. Ine ndikuti ya tchire, ndipo amene anaipanga ndikanawadziwa ndikanawatumizira usipa.

Zimene ndinataya ndi zisanu: mwendo umodzi, njinga yanga, msewu wa ku Namwera, nsonga ya phiri lija imene sindinaione, ndi mwambo wa mkeka. Chomalizachi sindikuchifunanso.