Chaka Chimene Achimwene Analandidwa Chiphaso

Achimwene anga anali loya wa milandu ing'onoing'ono, ija yosatuluka m'nyuzipepala. Ofesi yawo inali pamwamba pa sitolo yogulitsa penti ndi misomali. Kuti ukafikeko unkadutsa pakati pa zitini n'kukwera masitepe opapatiza onunkha parafini. M'katimo munali tebulo, mipando yosafanana, ndi shelefu ya mabuku imene inapindika pakati chifukwa cha kulemera. Okwera masitepewo anali anthu ochotsedwa ntchito, amayi amasiye olandidwa nyumba, ndi ena ongofuna kuti munthu wovala tayi awamvetsere. Ine ndine mlongo wawo wamng'ono. Ndine telala, ndipo shopu yanga ili tsidya lina la msewu womwewo.

Kuyambira ali mwana ankalankhula mochedwa. Atanena kuti akufuna kudzakhala loya, mayi athu anati woweruza azidzayamba kusinza chiganizo choyamba chisanathe. Anakhaladi loya, ndipo kuchedwa kwawoko anthu osauka ankakukonda, poti sankawathamangitsa.

Akatseka ofesi, moyo wawo unali ku bungwe la maloya. Sanakhalepo wapampando kapena mlembi. Iwo anali a komiti yoona za mavuto. Loya akagonekedwa m'chipatala, opita ndi zipatso anali iwo. Loya akamwalira, ofunafuna matenti ndi galimoto anali iwo. Pa msonkhano wapachaka ankafika anthu asanabwere n'kuyamba kuyala mipando, suti ili m'thupi, mpaka anzawo anawatcha a Mipando. Alamu anga ankaseka kuti anakwatiwa pamitala: iwo ndi mkazi wamng'ono, wamkulu ndi bungwe. Ine ndinkangoganiza kuti zonse za maloya, zabwino ndi zoipa, zimachokera ku nyumba imeneyo.

Alamu anadwala impso nthawi yaitali. Achimwene ankawaperekeza kuchipatala m'mawa, masana kukhoti, madzulo kuchipatala. Mwana wawo mmodzi yekhayo anakwatiwa kutali ndipo ankabwera mwa apo ndi apo. Alamu atamwalira, tsiku la maliro maloya anabwera ambiri, masuti akuda okhaokha. Wapampando wa bungwe analankhula bwino. Mnzawo wa kusukulu, loya wamtali amene aliyense ankamutchula a Ndevu, ananyamula nawo bokosi. Tsiku limenelo mipando anayala ndi ena.

Sabata yotsatira achimwene anatsegula ofesi, ndipo anthu anawayamikira kuti ndi olimba mtima. Ndinkawaona pawindo la shopu akukwera m'mawa, tayi ili pakhosi, n'kutsika madzulo. Tsiku lina ndinawatengera tiyi. Ndinawapeza atakhala, jekete asanavule, manja ali patebulo. Foni inkalira m'dirowa.

"Achimwene, foni ikulira."

"Eya, ikulira," anatero.

Sankalira, sankamwa mowa, sankakalipira munthu. Ukawapatsa chakudya ankadya, ukapanda kuwapatsa sankafunsa. Mtsikana amene ankawatayipira anapirira miyezi ingapo, kenako anapeza ntchito kwina. Ine ndinkati zidutsa, maliro amatero.

Mwa anthu awo munali bambo wina wogwira ntchito pamalo ochekera matabwa, amene makina anamudula dzanja lamanja. Eni malowo anamuchotsa ntchito chilonda chisanapole. Anabwera kwa achimwene alamu akadali moyo, ndipo iwo anavomera kumuimira posumira eni malowo. Pamilandu yotere lamulo limaika nthawi yoti munthu akasume, ndipo ikadutsa khoti silimvanso. Bamboyo ankakwera masitepe aja kawirikawiri, mkono wa malaya ataupinda n'kuumanga ndi pini, ndipo nthawi zonse achimwene ankamuuza kuti zikuyenda. Sindikhulupirira kuti ankafuna kunama. Mawuwo ankangotuluka ngati mmene munthu amayankhira kuti ali bwino akapatsidwa moni. Nthawi inadutsa mlandu usanalowe. Bamboyo anakamva kwa kalaliki wa kukhoti, ndipo sanabwere kudzatukwana. Anangopita kukadandaula.

Achimwene anandiuza nkhaniyi ataimirira pakhomo la shopu, ngati akunena za mvula. Anati awaitana ku khonsolo yoona za maloya, ndipo mwina awalanda chiphaso. Atatero anandifunsa ngati ndingawakonzere batani.

M'mawa mwake sindinatsegule shopu. Ndinapita ku bungwe, nyumba yakale yokhalamo anthu imene anaisandutsa maofesi, zithunzi za apampando akale zili ndandanda pakhoma. Mlembi wa bungwe, mayi wamagalasi amene ndinamuona pamaliro, anandilowetsa. Ndinalankhula zambiri. Ndinamufunsa ngati analibe manyazi kudzalira nafe kenako n'kutembenuka kudzalanda munthu ntchito. Ndinamukumbutsa za matenti ndi zipatso, ndi Loweruka lililonse limene alamu anakhala okha panyumba chifukwa cha bungwe lawolo. Mayiyo anandisiya mpaka ndinatopa.

Kenako anandiuza kuti ndalakwitsa khomo. Anati bungwe silipereka chiphaso kwa loya ndipo silingachilande. Bungwe ndi la maloya eni ake: amalowa mwa kufuna kwawo, amaphunzitsana, amathandizana pamavuto, amalankhula ndi mawu amodzi pamene lamulo lina likuoneka lopotoka. Khonsolo ndi ina, inakhazikitsidwa ndi lamulo. Ndiyo imaona ngati munthu ali woyenera kuimira anthu kukhoti, ndiyo imapereka chiphaso chaka ndi chaka, ndipo ndiyo imamva madandaulo. Loya akhoza kugwira ntchito moyo wake wonse osaponda ku bungwe, koma popanda chiphaso sangaimirire pamaso pa woweruza ngakhale tsiku limodzi.

"Ife timaima ndi loya, mayi," anatero. "Khonsolo imaima ndi munthu amene wabwera kwa loya."

Ndinamufunsa ngati si anthu amodzimodzi ongosintha zipewa. Anavomera kuti ena ndi omwewo, poti bungwe limatumiza mayina a maloya oti akakhale nawo mu khonsolo. Koma akakhala pampando wa kumeneko samveranso bungwe, ndipo wapampando sangawaimbire foni kuti achitire munthu chifundo. Zimene a bungwe akanatha kuchita n'kupeza loya woti aime ndi achimwene, kugawana milandu yotsala kuti anthu ena asapweteke, ndi kumupezera bambo wa kumatabwa uja womuthandiza. Atandiperekeza pakhomo anavula magalasi.

"Tinachedwa. Woona anthu ovutika muno anali achimwene anuwo, ndiye panalibe wowaona."

Ndinalibe mkwiyo wotsala, ndinalibenso china choikapo.

Loweruka lotsatira anabwera maloya angapo atavala zovala zapanyumba, nanyamula mafayilo m'makatoni. Achimwene anawagwirira chitseko. Mmodzi anapeza mlandu wina umene unatsala pang'ono kudutsa nthawi, nathamanga nawo osatsanzika.

Khonsolo inali m'nyumba yosanja, pamwamba, kumapeto kwa khonde lalitali lopanda mawindo. Munalibe zithunzi pakhoma, munali benchi basi. Omva nkhaniyo anali woweruza wina wopuma pantchito, maloya, ndi mphunzitsi wamkulu wa pasukulu ina amene anakhalapo m'malo mwa anthu wamba. Mmodzi wa maloya aja anali a Ndevu. Nkhani isanayambe anaimirira n'kunena kuti woimbidwa mlanduyo ndi mnzawo wa paubwana, choncho sangakhale nawo. Anatuluka, nadzakhala pabenchi pambali panga, poti ine sindinaloledwe kulowa. Kumapeto kwa benchi kunali mkazi wa bambo wa kumatabwa, chikwama chili pamiyendo. Tinapatsana moni, kenako tonse atatu tinangoyang'ana chitseko. A Ndevu ankatsegula ndi kutseka cholembera chawo mpaka mayiyo anawayang'ana, ndipo anachiika m'thumba.

Zam'katimo ndinazimva kwa loya wachitsikana amene bungwe linatipatsa. Anali atakonzeka kufotokoza za matenda a alamu ndi zaka zonse zimene achimwene anagwira ntchito popanda wowadandaula, ndipo anafotokozadi. Koma atafunsidwa eni ake ngati akuvomera, anangoti akuvomera zonse. Woweruza anawafunsa chimene chinachitika.

"Sindikudziwa, bwana. Ndinkafika m'mawa, kenako kunkada."

Mphunzitsi uja ndiye anafunsa bambo wa kumatabwa chimene akufuna. Iye anati safuna chiphaso cha munthu, poti sadziwa chochita nacho. Akufuna mlandu wake. Woweruza anamuuza mofatsa kuti zimenezo khonsolo ilibe nazo mphamvu, ndi za khoti. Bamboyo anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa kale mawu otero m'maofesi ambiri.

Khonsolo inawaimitsa achimwene chaka chathunthu. Anati akaonane ndi dokotala, ndipo akadzafuna kubwerera adzayambe agwira pansi pa loya wina. Achimwene atatuluka anapatsa moni a Ndevu ngati akumana mwangozi, anaweramira mayi uja, kenako anandifunsa ngati ndinakhoma shopu.

Chikwangwani cha dzina lawo anachimasula okha, atabwereka sikuludiraiva kwa mwini sitolo ya penti. Ofesiyo analowamo anthu okonza mafoni. Nyumba yawo anaisiyira alendi n'kubwera kudzakhala m'chipinda changa chakuseri. Dokotala anawapatsa mapiritsi amene ankawagonetsa kwambiri, ndipo ananenepa. Mwana wawo anabwera, analira, nawapempha kuti akakhale kwa iye. Anamuyankha kuti kumeneko sakudziwako misewu.

Ku bungwe kunali kukangana. Malamulo awo amati membala wopanda chiphaso sangavote ndipo sangakhale m'komiti. Ena ankati angochoka kuti dzina la bungwe lisade, ena ankati ngati a Mipando sangathandizidwe ndiye bungwelo n'lachiyani. Pomaliza anawasiya kuti akhale membala wosavota, nawapatsa ntchito yoyang'anira chipinda cha mabuku. Komiti ya mavuto anaipatsa anthu atatu, poti panalibe mmodzi amene anavomera kuisenza yekha.

Loya amene anatenga mlandu wa bambo wa kumatabwa anapempha khoti kuti liulandire ngakhale unachedwa. Khoti linakana. Anachita apilo, anakananso. Bungwe linalembera opanga malamulo kuti nthawi yoti anthu ovulala pantchito akasume italikitsidwe, ndipo ndikumva kuti nkhaniyo ikadali patebulo la winawake. Achimwene atauzidwa za apiloyo anali akudya. Anasiya supuni kwa kanthawi, kenako anapitiriza.

Chaka chitatha, a Ndevu anabwera kunyumba kudzawauza kuti kuofesi kwawo kuli tebulo lopanda munthu, angopempha chiphaso ku khonsolo ndipo iwo asaina ngati owayang'anira. Achimwene anathokoza n'kunena kuti aganizira. Papita zaka, akadaganizirabe. A Ndevu amafunsa kamodzi pachaka, ndipo ine ndinasiya.

Masiku ano amadzuka m'mawa, kuvala tayi, kukatsegula chipinda cha mabuku. Amapukuta fumbi, amabwezera mabuku m'malo mwake, amakumbutsa ana a sukulu ya malamulo kuti asadyere pamasamba. Nthawi zina munthu wakale amawalondola kumeneko ndi mapepala m'jumbo, kuti angomuuza chochita basi. Iwo sawagwira n'komwe mapepalawo. Amamuuza kuti alibe chilolezo chopereka uphungu, n'kumuperekeza mpaka pakhomo la mlembi kuti amupezere loya. Mapiritsi anasiya, ndipo nthawi zina amaseka zonena za makasitomala anga. Sindinganene kuti anachira, sindinganenenso kuti akudwala.

Mwezi wapitawu tinali limodzi pasiteji, mvula ikuwaza. Pansi pa denga pomwepo panali bambo wa kumatabwa, atavala yunifolomu ya ulonda. Ine ndinafuna kuti tisunthe, koma anali ataonana kale. Anapatsana moni ndi dzanja lamanzere. Bamboyo anati tsopano amalondera pageti la sukulu ina, masana okhaokha.

"Mukadali pamwamba paja?" anafunsa.

"Ayi, ndinachoka."

"Oho."

Anakambirana pang'ono za mvula, kuti chaka chino yachedwa. Minibasi inabwera ili ndi malo amodzi. Achimwene anati akwere bamboyo, bamboyo anati akwere achimwene, ndipo anakankhirana choncho mpaka kondakitala anatopa n'kumenya chitseko. Tinadikira ina tonse atatu.